Kompyuta ya M'kati mwa Kompyuta Inzake: Kuitsegulira Njira ya Netiweki

Makompyuta ambiri amene mungawapeze m'masukulu a sekondale, m'maofesi a mipingo ndi m'timashopu tosindikiza mapepala kuyambira ku Bangula mpaka ku Makhanga ndi a kaunjika. Ndi ma Dell OptiPlex, ma HP Compaq ndi ma ThinkPad amene anayamba agwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja asanafike m'Chigwa cha Shire. Mwini wake akayatsa, imalira kaye ngati ikudandaula, koma ntchito imagwira. Mutu uno ukunena za luso limodzi limene kompyuta yotere ingathe kuchita ngakhale yakalamba: kusunga kompyuta ina m'kati mwake, ndi kuilola kompyuta yam'katiyo kuyankhulana ndi zakunja.

Wina angafunse kuti munthu angafunirenji zimenezi. Zifukwa zake n'zapafupi. Windows ya 64-bit, imene ili pa makompyuta ambiri masiku ano, sitsegula mapulogalamu a 16-bit a nthawi ya DOS. Ofesi imene inasunga kaundula wake mu dBase, kapena wazaumoyo amene ali ndi mafayilo akale a Epi Info 6, angapeze kuti pulogalamu yake ikukana kutseguka pa kompyuta yabwinobwino. Pali masikana ndi mapulinta olimba amene madalaivala ake anathera pa Windows XP. Ndiye pali mphunzitsi wa Computer Studies amene akufuna kuti ana a Fomu 3 aone ndi maso momwe amaikira Windows kapena Linux, koma sangayerekeze kuwapatsa kompyuta yokhayo imene ikugwira ntchito pasukulupo kuti aifufute. Onsewa mankhwala awo ndi amodzi: pulogalamu yonamizira kuti ndi kompyuta yathunthu, yokhala ndi purosesa yake, disiki yake ndi khadi lake la netiweki, pamene zonsezo ndi zongoyerekeza pa makina enieni.

Ku Chiromo nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Malo amenewa, pamene Ruo amathira mu Shire, kale anali khomo la dziko lino: sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkaima pamenepa, ndipo njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inadutsa pomwepa. Madzi osefukira a 1997 atakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu anabwerera ku bwato. Wa ku tsidya la kum'mawa akafuna katswiri wa makompyuta, ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi ndalama za thiransipoti zosachepa. Chotero amene waphunzira kukonza yekha zazing'onozing'ono wapulumutsa zambiri.

Mitundu iwiri, ndi imene kompyuta yanu ingathe

Mapulogalamu amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi ndi kumene kumagwetsa anthu ulesi tsiku loyamba lomwe. Mtundu woyamba ndi emulator yeniyeni, imene imamasulira lamulo lililonse la kompyuta yam'kati, limodzilimodzi. DOSBox, imene inatuluka mu 2002, ndi yotere. PCem, imene Sarah Walker anayamba mu 2007, ndi mphukira yake 86Box, nazonso ndi zotere. Ntchito yomasulirayo ndi yolemetsa. DOSBox imayenda bwino pafupifupi pa kompyuta iliyonse chifukwa zimene ikuyerekeza ndi zazing'ono, koma 86Box imatsanzira chipangizo chilichonse mwandendende, moti pa Core 2 Duo ya m'ma 2006 musayembekezere zoposa 486 kapena Pentium yoyambirira. Mukaikakamiza, mawu amadukaduka ndipo wotchi yam'kati imatsalira.

Mtundu wachiwiri sumasulira. Umangobwereketsa purosesa yeniyeniyo kwa kompyuta yam'kati, n'kumayang'anira kuti isadumphe malire. VirtualBox, imene kampani ya ku Germany ya Innotek inatulutsa mwaulere mu 2007 ndipo tsopano ili m'manja mwa Oracle, ndiyo yodziwika kwambiri. QEMU, ya Fabrice Bellard wa ku France, ya mu 2003, imatha zonse ziwiri. Mtundu uwu umathamanga, koma umadalira mbali ina ya purosesa imene Intel amaitcha VT-x ndipo AMD amaitcha AMD-V, imene inayamba kuikidwa mu 2005 ndi 2006. Si purosesa iliyonse ya zaka zimenezo imene ili nayo, ndipo pa makompyuta ambiri ochokera m'maofesi imabwera ili yozimitsa. Muyenera kulowa mu BIOS poyatsa, F2 pa Dell, F10 pa HP, n'kufufuza mawu oti Virtualization. Ngati mulibe, VirtualBox 6.1 ndi zotsatira zake sizingakuthandizeni. Ngati Windows yanu ndi ya 32-bit, yomaliza kugwira ndi 5.2.

Khadi loti kulibe

Kompyuta yam'kati siona khadi la netiweki limene lili m'makina anu. Imaona khadi longoyerekeza limene inu mwaisankhira, ndipo lamulo lake ndi limodzi: sankhani khadi limene Windows yakaleyo inabadwa ikulidziwa. Mukasankha lamakono, idzafuna dalaivala, dalaivalayo ali pa intaneti, ndipo intanetiyo simungaipeze popanda khadi. Pa DOS ndi Windows 95 kapena 98, khadi lodalirika ndi NE2000, la kampani ya Novell la mu 1988, limene linatsanziridwa ndi opanga ambiri mpaka pulogalamu iliyonse ya nthawiyo inalizolowera. Pa Windows XP mu VirtualBox sankhani PCnet-FAST III. Mu QEMU sankhani Realtek RTL8139. XP imazindikira onse awiriwa popanda kuipatsa kanthu.

Khadi likapezeka, funso lalikulu ndi lakuti kebulo yake yongoyerekezayo mwailumikiza kuti. Pali njira zitatu, ndipo sizofanana phindu.

Yoyamba imatchedwa NAT, ndipo ndi imene VirtualBox imasankha yokha. Achikulire akukumbukira momwe makalata ankayendera kumudzi. Munthu analibe bokosi lake ku positi ofesi, ankalemba adiresi ya sukulu ya pulaimale. Kalata yopita ku Joni inkachoka ndi adiresi ya sukulu, yankho linkafikira m'bokosi la sukulu, ndipo ahedi, podziwa amene analemba, ankapatsira mwana kuti akapereke kwa agogo ake. A positi sankadziwa n'komwe kuti mudziwo uli pati. NAT imagwira chimodzimodzi. Kompyuta yam'kati imapatsidwa adiresi yakeyake, 10.0.2.15, imene kunja kulibe amene akuidziwa. Zonse zimene yatumiza zimatuluka m'dzina la kompyuta yeniyeni, ndipo mayankho amabwezedwa kwa iyo mwakachetechete. Khomo lake lotulukira ndi 10.0.2.2. Manambala amenewa mudzawapeza mu VirtualBox ndi mu QEMU momwe, chifukwa onsewa anatengera pa kapulogalamu kotchedwa Slirp, kamene Danny Gasparovski analemba ku Australia mu 1995 pofuna kuthandiza anthu a intaneti ya pa lamya ya m'nyumba. 86Box nayo ili nako.

Ubwino wa njirayi kwa munthu wa ku Chiromo ndi waukulu. Intaneti ya kuno siibwera pa waya, imabwera pa foni ya TNM kapena Airtel, mwatsegula hotspot kapena mwailumikiza ndi kebulo ya USB, kapenanso pa kamodemu kobaya. NAT siifunsa kuti intanetiyo yachokera kuti. Kompyuta yeniyeni ikangokhala nayo, yam'kati nayo yapeza. Mu QEMU mzere wake ndi waufupi: -nic user,model=rtl8139. Chenjezo limodzi lokha: ambiri amayesa netiweki ndi lamulo la ping, ndipo mu QEMU ping yopita kunja imatha kulephera ngakhale zonse zili bwino. Musathe madzulo onse mukukonza chinthu chosawonongeka. Yesani kutsegula tsamba.

Kuipa kwake n'kwakuti wakunja sangayambitse kulankhula ndi kompyuta yam'katiyo, chifukwa sakuiona. Ngati mukufuna kuti makompyuta ena afikire pulogalamu imene ili m'katimo, mumatsegula khomo limodzi lokha, zimene amati port forwarding. Mu QEMU mumawonjezera hostfwd=tcp::8080-:80, kutanthauza kuti aliyense wogogoda pa nambala 8080 ya kompyuta yeniyeni aperekezedwe pa nambala 80 ya yam'kati. Mu VirtualBox zili pansi pa Advanced.

Njira yachiwiri ndi Bridged, imene 86Box imaitcha PCap. Apa kompyuta yam'kati imaonekera poyera ngati makina ena apadera, n'kupempha adiresi yake kwa rauta monga achitira makompyuta onse. Pa kebulo imayenda bwino kwambiri. Pa Wi-Fi ndi pamene pamakhala mavuto. Khadi lililonse la netiweki lili ndi nambala yake yobadwa nayo, adiresi ya MAC, ndipo Wi-Fi imalandira uthenga wochokera ku nambala yokhayo imene inalowa ndi pasiwedi. Uthenga wa nambala yachilendo umatayidwa. VirtualBox ili ndi kanjira kozembera vutoli, kosintha nambalayo uthenga usanatuluke, ndipo nthawi zambiri kamagwira. 86Box ndi QEMU pa Wi-Fi zimangokhala duu. Pa kamodemu kobaya, Bridged muiiwale.

Yachitatu ndi Host-only, imene anthu amaidumpha poganiza kuti ndi yopanda ntchito popeza ilibe intaneti. Kunena zoona, kwa ambiri ndiyo yoyenera. Imalumikiza kompyuta yam'kati ndi yeniyeni basi. Mu VirtualBox yeniyeni imakhala 192.168.56.1, ndipo yam'kati imalandira 192.168.56.101 kapena yotsatira. Chimene anthu ambiri amafunira netiweki si china koma kusamutsa mafayilo, ndipo njirayi imakwanira. Ngati pa kompyuta yeniyeni pali Python, lowani mu foda imene muli mafayilo, lembani python -m http.server 8000, kenako mu Internet Explorer ya m'katimo mutsegule http://192.168.56.1:8000. Mafayilo onse adzaoneka pamndandanda, ngakhale pa Windows 98. Akakana kuoneka, woyamba kumukayikira ndi firewall ya kompyuta yeniyeni.

Kodi XP ipite pa intaneti?

Maganizo anga ndi akuti ayi, kupatula pamene palibiretu njira ina, ndipo ikatero ipite kudzera pa NAT kwa kanthawi kochepa. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 April 2014, ndi Windows 7 pa 14 January 2020. Mabowo amene apezeka kuyambira pamenepo ambiri sanatsekedwe. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150 ndipo inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain. Inkalowa kudzera pa njira yakale yogawirana mafoda ya Windows, SMB1, popanda munthu kudina kalikonse. Windows 10 inayamba kubwera njirayi ili yozimitsa kuyambira chaka chomwecho. Mukafufuza chifukwa chimene XP sikuonera foda ya pa Windows 10, mudzapeza malangizo ambiri okuuzani kuti muyatsenso SMB1. Musatero. Gwiritsani ntchito Shared Folders ya VirtualBox, imene imagwira pa XP mukaika Guest Additions, kapena kaseva ka Python kaja.

Komanso phindu lake pa intaneti ndi lochepa. Masamba ambiri masiku ano amafuna njira zatsopano zobisira uthenga zimene Internet Explorer 6 kapena 8 siizidziwa, ndiye imangonena kuti tsamba silikupezeka, inu n'kumaganiza kuti netiweki yaduka. Palinso vuto lina limene limanamiza anthu ambiri pa makompyuta a kaunjika. M'kati mwa makina muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha, kompyuta ikazima imadzuka ikuganiza kuti tili m'chaka chimene inapangidwa. Kompyuta yam'kati imatengera tsiku lolakwikalo, ndipo masamba onse otetezedwa amakana kutseguka chifukwa ziphaso zake zikuoneka ngati za m'tsogolo. Musanakhudze china chilichonse, yang'anani tsiku pakona ya sikirini. Kabatireko kamapezeka kwa okonza mawotchi.

Ndiye pali bandulo. Mukaika Windows 7 kapena Linux m'katimo n'kuisiya pa NAT, imayamba yokha kukoka zoonjezera, ndipo foni siisiyanitsa kuti wadya data ndi ndani. Mu VirtualBox muli kabokosi kolembedwa Cable Connected. Kuchotsa chizindikiro m'menemo kuli chimodzimodzi kuzula kebulo, ndipo mungatero kompyutayo ili chiyakire.

DOSBox ili ndi njira yakeyake

DOSBox wamba, monga 0.74, ilibe khadi la NE2000. Wofuna khadilo atenge DOSBox-X. Chimene DOSBox wamba ili nacho ndi IPX, chiyankhulo cha netiweki cha Novell chimene masewera a m'ma 1990 ankagwiritsa ntchito. Doom, ya mu 1993, inkalola anthu anayi kusewera limodzi pa IPX. Marauta a lero sachidziwa chiyankhulochi, choncho DOSBox imachikulunga m'kati mwa uthenga wamakono. Mu fayilo ya zokonda zake mumasintha mzere kukhala ipx=true pa makompyuta onse. Pa imodzi mumalemba ipxnet startserver, pa enawo ipxnet connect ndi adiresi ya yoyambayo. Imagwiritsa ntchito khomo nambala 213 la UDP, limene firewall iyenera kulola. Pa Linux manambala osafika 1024 ndi oletsedwa kwa munthu wamba, ndiye mumapereka ina yokulirapo, monga 10000, mbali zonse. Wina anganene kuti masewera n'kutaya nthawi, koma mwana amene walimbana ndi maadiresi mpaka mnzake waonekera pa sikirini wamvetsa netiweki kuposa amene waloweza tanthauzo lake pokonzekera mayeso a MANEB.

Chipinda cha makompyuta chopanda intaneti

Apa ndi pamene Bridged imapeza ntchito yake yeniyeni. Tiyerekeze sukulu ili ndi makompyuta khumi, swichi imodzi ndi makebulo, koma ilibe rauta. Popanda rauta palibe wogawa maadiresi, ndipo Windows ikadikira osayankhidwa imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254. Mukaona nambala imeneyi, dziwani kuti kompyutayo inapempha ndipo palibe anaiyankha. Njira yosavuta ndi kulemba maadiresi pamanja: 192.168.1.1, 192.168.1.2, mpaka onse atha, ndi subnet mask ya 255.255.255.0 paliponse. Makompyuta am'kati nawo apatsidwe manambala awo m'gulu lomwelo, kuyambira mwina pa 101, ndipo zonse zilembedwe m'kope. Kebulo imodzi isapitirire mamita 100.

Msampha wodziwika uli pa kukopera. Kompyuta yam'kati ndi fayilo chabe, ndiye mphunzitsi wanzeru amakonza imodzi n'kuikopera pa fulashi kupita ku makina onse. Koma akaikopera pamodzi ndi fayilo ya zokonda zake, amakoperanso adiresi ya MAC, ndipo swichi ikaona nambala imodzi ikuchokera m'makebulo khumi imasokonezeka: netiweki imagwira, kenako imaduka, kenako imagwiranso. QEMU imapereka 52:54:00:12:34:56 kwa aliyense amene sanasankhe yake. Mu VirtualBox, pambali pa nambalayo pali kabatani kopangira ina yatsopano. Dinani pa makina alionse.

Netiweki yotere ikaima, kompyuta imodzi ingathe kusunga Kiwix, pulogalamu imene imasunga Wikipedia ndi mabuku ena pa disiki, n'kumagawira chipinda chonse popanda tambala ya data. Amene akukayikira kuti makina otayidwa angachite ntchito yooneka akumbukire za Baobab Health. Mu 2001, pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero ndi Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anayamba kulemba odwala pa timakina totchedwa I-Opener. Timakinati tinapangidwira anthu a ku America kuti azionera intaneti kunyumba, malonda ake analephera, ndipo tinkagulitsidwa motchipa. A Baobab anatiika sikirini yodina ndi chala n'kutilumikiza ku seva ya pachipatala pomwepo. Mphamvu ya dongosololi inali pa netiweki ya m'kati mwa mpanda ndi mabatire osunga magetsi.

Kutentha, magetsi ndi madzi

Kompyuta imene ikunyamula inzake imagwira ntchito yowirikiza, ndipo imatentha. M'chigwa muno, mu October ndi November, kutentha kumapitirira madigiri 40. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo munthu amayamba kuimba mlandu emulator kapena netiweki. Tsegulani bokosi, chotsani fumbi pa fani ndi pa zitsulo zoziziritsira, ndipo makinawo asakhale pansi kapena mothinana ndi khoma. Pogawa RAM musapatse yam'kati zoposa theka. XP imakhutira ndi 512 MB, Windows 98 ndi 64 MB.

Magetsi akazima mwadzidzidzi, amazimira makompyuta awiri nthawi imodzi, ndipo disiki ya yam'kati, pokhala fayilo imodzi yaikulu imene inali yotsegula, ndiyo imavulala msanga. Anthu a m'chigwachi sayiwala January 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ku Chikwawa n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lonse, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Pa chifukwa chimenechi laputopu yakale ya batire lamoyo imaposa desikitopu yamphamvu, ndipo ndi imene sola yaing'ono ingathe kuidyetsa. Nyengo ya mvula, kebulo yodutsa panja kuchoka ku nyumba ina kupita ku ina imatha kutenga mphamvu ya mphenzi n'kuotcha swichi pamodzi ndi makhadi. Kukayamba kugunda, zulani.

Kukhala fayilo imodzi kuli ndi ubwino wakenso. Mukamaliza kukonza zonse, khadi lazindikirika, maadiresi ali m'malo, zimitsani kompyuta yam'katiyo bwinobwino, kenako mukopere fayilo yake, ya .vdi mu VirtualBox kapena .qcow2 mu QEMU, pa fulashi imene siyendayenda m'makompyuta a anthu ena. XP yongoikidwa kumene ndi mapulogalamu ochepa imakwana pa fulashi ya 8 GB. Madzi a 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 analowa m'makalasi ndi m'maofesi ambiri a ku Nsanje, ndipo desikitopu si katundu wothawa naye. Fulashiyo isungidwe m'nyumba ina, m'kabotolo kotseka bwino, pamodzi ndi kope la maadiresi lija ndi fayilo yoikira VirtualBox ya nambala yomweyo imene munagwiritsa ntchito, chifukwa makina amene mudzabwereke pambuyo pake mwina sadzalola yatsopano.